Odya ndi Openyerera ku Oxford, 1786

Pa 2 Ogasiti 1786, mayi wina dzina lake Margaret Nicholson anayandikira Mfumu George III ya ku Britain pamene inkatsika m'ngolo pakhomo la nyumba yachifumu ya St James ku London. M'manja anali ndi pepala ngati munthu wodzatula dandaulo, koma kuseri kwa pepalalo kunali kampeni. Anayesa kubaya, mpeniwo sunalowe. Madokotala atamuyeza anati mutu wake sunkayenda bwino, ndipo anam'tsekera m'chipatala cha Bethlem, kumene anakhala mpaka imfa yake mu 1828. Mwezi womwewo usanathe, mfumuyo, mkazi wake Charlotte ndi ana awo aakazi anapita kukacheza ku Oxford. Kumeneko akuluakulu a yunivesite anawalandira ndi mawu othokoza Mulungu kuti mfumu yapulumuka.

M'gulu la operekeza munali mayi wazaka 34, Frances Burney. Iyeyu anali kale wolemba wotchuka: buku lake la Evelina linatuluka mu 1778, la Cecilia mu 1782. Koma mu Julayi 1786 anali atavomera ntchito yosamala zovala za Mfumukazi Charlotte pa malipiro a mapaundi 200 pachaka. Inali ntchito yolawirira m'mamawa, kudikira belu, kuveka mfumukazi ndi kuivula. Akapeza mpata ankalemba zonse zimene waona, n'kumatumiza kwa mng'ono wake Susan. Zolembazo zinasindikizidwa mwini wake atamwalira, kuyambira mu 1842.

Tsiku la ku Oxford linatalika. Kadzutsa anadya m'mamawa ku Nuneham, kunyumba ya Lord Harcourt kumene anagona, ndipo kuchokera apo kunali kuyenda ndi kuimirira, kutuluka m'koleji iyi n'kulowa m'tchalitchi icho. Cha m'ma 3 koloko masana anafika ku koleji ya Christ Church. Kumtunda kwa holo yaikulu kunali tebulo la zakudya zozizira, zokonzera mfumu, mfumukazi ndi ana awo basi. Iwo anakhala pansi n'kuyamba kudya. Operekeza wamba anaimirira kumunsi kwa holoyo atandanda ngati uta, nkhope zonse zitaloza kwa akudyawo. Mwambo sunkalola kukhala pansi pamaso pa mfumu, kutafuna kanthu, kapena kuifulatira. Chakudya chawo chinali kudzabwera cha m'ma 6 kapena 7 koloko madzulo.

Polemba za ola limeneli, Burney anawatcha akudya aja collationers. Liwuli linafa kalekale. Limene lilipobe, ngakhale nalo lakalamba, ndi collation, dzina la chakudya chopepuka chodyedwa pakati pa zakudya zenizeni. Collationer ndiye munthu amene akudya chakudya choterocho. Mngerezi wa lero mutamutchula dzina limeneli angokuyang'anani.

Ine ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo liwuli ndinakumana nalo poyesa kutembenuzira tsamba la Burney m'Chichewa. Poyamba ndinangolemba kuti "akudya aja" n'kupitirira. Pobwereza kuwerenga ndinamva kuti chiganizo chazizira, nthabwala yathawamo. Burney anali ndi njala, miyendo ikuwawa, ndiye anasankha dzina lalitali, lonunkhira Chilatini, n'kuveka anthu amene ankangotolatola tizakudya. Kuti ndidziwe kulemera kwa dzinalo ndinayenera kulondola kumene linachokera. Mapazi ake ananditsogolera kutali ndi nyumba zachifumu, mpaka kuchipululu cha Egypt, kwa anthu amene chakudya chawo cha tsiku lonse chinali timikate tiwiri touma.

Pachiyambi collatio sichinali chakudya n'komwe. M'Chilatini liwuli limachokera ku mneni wotanthauza kubweretsa zinthu pamodzi. Aroma ankalitchula posonkha ndalama, poyerekeza zinthu ziwiri kuti aone kusiyana kwake, ndiponso anthu akakhala pansi aliyense n'kuponyapo maganizo ake. Lili pachibale ndi translatio, kunyamula chinthu n'kuwoloka nacho tsidya lina, kumene Angerezi anatengako dzina la ntchito yangayi. Amene analilowetsa m'njira yopita kukhitchini, mosadziwa, ndi John Cassian.

Cassian anabadwa cha m'ma 360. Ali mnyamata, iye ndi mnzake Germanus analowa m'nyumba ya amonke ku Bethlehem. Amonke ndi amuna amene amasiya banja ndi chuma kuti akhale moyo wa mapemphero ndi ntchito zamanja. Atamva mbiri ya nkhalamba za m'chipululu cha Egypt, awiriwa anapita kukadzionera okha. Anakhala kumeneko zaka zingapo, makamaka ku Scetis, kumene masiku ano kumatchedwa Wadi El Natrun, akuyenda kanyumba ndi kanyumba kufunsa mafunso. Cha m'ma 400 mikangano ya chiphunzitso inawachotsako. Cassian anapita ku Constantinople, kumene John Chrysostom anamudzoza udikoni, kenaka ku Rome, ndipo cha m'ma 415 anakhazikika ku Marseille, kumwera kwa dziko limene lero ndi France. Kumeneko, m'zaka za m'ma 420, analemba zokambirana 24 zimene iye ndi Germanus anachita ndi nkhalamba zija. Bukulo analitcha Collationes.

M'bukumo nkhani ya chakudya imatuluka kawirikawiri, popeza wosala kudya ndiye amaganiza kwambiri za chakudya. Cassian akusimba za phwando limene nkhalamba ina, Serenus, inawakonzera. Masiku onse Serenus ankadya ndi msuzi wa madzi amchere wodonthezamo dontho limodzi la mafuta. Tsiku la alendolo anathirako mafuta ochulukirapo. Kenaka anagawa mchere ndi zipatso za azitona zitatu munthu aliyense, njere zisanu za tchana wokazinga, tizipatso tina touma tiwiri, ndi nkhuyu imodzi. Kupyola pamenepo, m'chipululu muja, kunali kulakwa. Cassian akulemba zimenezi mosaseka, ngati munthu wokumbukira tsiku limene analandiridwa bwino.

Nkhalamba ina, Moses, inawaphunzitsa za muyeso. Inati kusala mopyola ndi kususuka zimakathera kumodzi, pakuti wosala masiku angapo amadzadya ngati fisi, ndipo pemphero limamukanika ali ndi njala, limamukanikanso atakhuta. Muyeso umene akuluakulu anagwirizana unali timikate tiwiri touma patsiku, tolemera mosakwana bwino paundi imodzi ya Chiroma, imene ndi magalamu pafupifupi 327. Nthawi yodyera inali ola lachisanu ndi chinayi kuwerenga kuchokera potuluka dzuwa, ndiye kuti cha m'ma 3 koloko masana. Apa Germanus anafunsa funso limene aliyense woleredwa kumudzi angalimve msanga: nanga mlendo akafika madzulo, iwe utadya kale gawo lako, utani? Ukadya naye waphwanya muyeso, ukamusiya adye yekha waphwanya ulemu. Moses anayankha kuti pa ola lija uzidya kamkate kamodzi, kenako uzisunga mpaka madzulo. Mlendo akabwera, udyera naye limodzi. Akapanda kubwera, udya wekha, poti n'kako kale.

Patapita zaka zoposa zana, ku Italy, Benedict wa ku Nursia analemba malamulo a amonke ake a ku Monte Cassino, malamulo amene anadzafala ku Ulaya konse. Anayeza zonse: paundi imodzi ya buledi patsiku, ndiwo zophika za mitundu iwiri, kamuyeso ka vinyo. Anaikanso nthawi. Kuchokera pa Pasaka mpaka Pentekoste ankadya kawiri, masana ndi madzulo. Kuchokera pakati pa Seputembala mpaka Lenti ankadya kamodzi, pa ola lachisanu ndi chinayi. M'nyengo ya Lenti ankadya kamodzi, madzulo, dzuwa lisanalowe kuti pasafunike nyale.

Mutu 42 wa malamulowo ndi umene ukukhudza liwu lathu. Benedict analamula kuti madzulo aliwonse, pemphero lotsekera tsiku lisanachitike, amonke onse azikhala pansi pamodzi, mmodzi n'kumawerenga mokweza Collationes kapena mbiri za akuluakulu a m'chipululu. Analetsa mabuku asanu ndi awiri oyambirira a Baibulo ndi mabuku a Mafumu pa ola limenelo, poona kuti si nkhani zoti munthu wa maganizo ofooka agone nazo. Masamba anayi kapena asanu ankakwana. Chifukwa chimodzi chowerengera chinalembedwa poyera: kupereka mpata woti amene akadali pantchito, kaya kukhitchini kaya kwa alendo, afike. Onse akasonkhana ndi pamene ankapemphera, ndipo kuchokera apo palibe ankaloledwa kuyankhula mpaka kucha. Kwathu timati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Amonke a Benedict ankagonera mawu a akuluakulu usiku uliwonse, ndipo msonkhano wamadzulowo unayamba kutchedwa collatio.

Mpaka apa mulibe chakudya m'liwuli. Chinalowamo pang'onopang'ono, ndipo chinayamba ndi ludzu. Mu 817 akuluakulu a nyumba za amonke anasonkhana ku Aachen, mu ulamuliro wa Louis, mwana wa Charlemagne, kuti agwirizanitse kasungidwe ka malamulo a Benedict. Chimodzi mwa zimene anavomereza n'chakuti ngati ntchito yakula, amonke akhoza kumwa kanthu kuwerenga kwamadzulo kusanayambe, ngakhale m'nyengo ya Lenti. Munthu amene wagwira khasu tsiku lonse n'kudya kamodzi sangatsutse chilolezo chimenechi. Koma chikho chitalowa, kachidutswa ka buledi kanatsatira, ati kuti chakumwa chisapweteke m'mimba mopanda kanthu. Dzina la kuwerenga linasamukira pa chikho ndi kachidutswa kaja. Mmonke akati akupita ku collatio, sizinkadziwikanso ngati akutsata buku kapena chakumwa.

Nayo nthawi ya chakudya chachikulu inkasendera kum'mawa. Lamulo linkati adye pambuyo pa pemphero la ola lachisanu ndi chinayi, lotchedwa nona. M'malo mosintha lamulo, anthu anayamba kupemphera nona mofulumirirapo, mpaka pempherolo linafika pakati pa usana. Akatswiri ambiri a chinenero amati umu ndi mmene Angerezi anapezera liwu lawo la noon, limene lero limatanthauza 12 koloko masana pamene gwero lake ndi ola la 3 koloko. M'nyengo ya Lenti ngakhale pemphero lamadzulo linkachitika dzuwa lisanafike paliwombo, kuti chakudya chidyedwe "madzulo" monga mwa lamulo. Tsono munthu akadya masana, usiku umatalika, ndipo kachidutswa kamadzulo kanayenera kukula.

Akatswiri a chiphunzitso anatsatira pambuyo ndi sikelo. Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anaphunzitsa kuti kumwa sikuphwanya kusala, ndiponso kuti timankhwala totsekemera tothandiza kugaya chakudya n'tololedwa, malinga munthu asatidye mochuluka mwachinyengo ngati chakudya. Chokoleti chitafika ku Spain kuchokera ku Mexico, funso linabuka ngati ndi chakumwa kapena chakudya. Antonio de León Pinelo anasindikiza buku lathunthu pa funso limeneli ku Madrid mu 1636, ndipo mu 1664 Kadinala Francesco Maria Brancaccio analemba ku Rome kuti chokoleti chakumwa sichiphwanya kusala. Pofika zaka za m'ma 1800 mabuku olangiza ansembe ankapereka manambala: collation yamadzulo ifike ma aunsi 8, pafupifupi magalamu 225, ndipo m'mawa munthu akhoza kudya kachidutswa ka ma aunsi awiri. Zonsezi n'zowonjezera pa chakudya chokhuta chamasana. Tikaphatikiza collation ndi kachidutswa kam'mawa, tikuyandikira chakudya cha tsiku lonse cha Moses wa ku Scetis.

N'zosavuta kuseka mbiri imeneyi ngati mbiri ya anthu ozembera lamulo lawo lomwe. Ine sindiiona choncho kwenikweni. Malamulo olembedwera amuna ochepa odzipereka okha anadzagwera alimi, amayi oyamwitsa, amisiri ndi okalamba a ku Ulaya konse, m'mayiko ozizira kumene timikate tiwiri sitingamufikitse munthu madzulo. Kufewetsa kwina kunali chifundo, ndipo Moses mwini anachenjeza za kusala kopyola muyeso. Chimene chinatayika m'njira ndi china. Kamkate ka Moses kankasungidwira mlendo, ndipo kuwerenga kwa Benedict kunkadikira wochedwa. Ma aunsi 8 aja sankadikira munthu. Funso linali litasanduka la munthu mmodzi ndi mbale yake: ndingadye zochuluka bwanji osachimwa?

Liwuli litatuluka m'nyumba za amonke linayenda njira zosiyanasiyana. Ku Italy colazione lero ndi kadzutsa. Ku Poland kolacja ndi mgonero. Ku France collation ndi kanthu kodya pakati pa zakudya. Ku England amonke anatha koma liwu linatsala. Pakati pa 1536 ndi 1540 Mfumu Henry VIII inatseka nyumba zonse za amonke n'kulanda malo awo, ndipo m'zaka mazana awiri zotsatira collation inasanduka chakudya cha anthu olemera: nyama yozizira, zipatso, makeke ndi vinyo, zoyalidwa patebulo alendo olemekezeka akabwera kudzaona munda wamaluwa kapena kudzavina. Holo imene Burney anaimiriramo ili ndi mbali yake m'nkhaniyi. Koleji ya Christ Church inamangidwa pamalo a nyumba ya ansembe okhala pamodzi ya St Frideswide, imene Kadinala Thomas Wolsey anaitseka mu 1524 kuti ayambe koleji yake chaka chotsatira. Holoyo ndi ya nthawi ya Wolsey. Ndiye kuti banja lachifumu linkadya collation pa nthaka imene kale anthu ankasalapo kudya motsata belu.

Tibwerere kwa anthu aja tinawasiya ataimirira. Burney ankaudziwa mwambo wa kunyumba yachifumu asanalowe n'komwe ntchito. Mu Disembala 1785 analembera mkulu wake Esther kalata yanthabwala yofotokoza kuti pamaso pa mfumu munthu saloledwa kutsokomola, kuyetsemula kapena kusuntha dzanja, ngakhale phini itamulasa m'mutu. Ku Christ Church nthabwalayo inamupeza ndi njala. Kunong'ona kunayamba kuyenda mu mzere uja kuti m'mimba mwavuta, mpaka kunafika m'makutu mwa aphunzitsi a yunivesite amene anaimirira nawo. Iwo anabweza kunong'ona kwina, kufunsa chimene alendo angakonde. Yankho linali tiyi, khofi ndi chokoleti, chakumwa chomwe chija anakangana nacho akatswiri a ku Madrid ndi ku Rome.

Kupeza zakumwazo kunali kosavuta. Vuto linali pozimeza. Zinaikidwa patebulo kumbuyo kwawo, pamodzi ndi buledi wopaka batala ndi makeke, koma onse akanatembenuka akanafulatira mfumu, ndipo kutafuna akuyang'anizana nayo kunali kosatheka. Anapangana kuima mizere iwiri. Mzere wakutsogolo unaima chilili ngati mpanda, nkhope zaulemu zitaloza kumtunda, pamene wina kumbuyo ankameza msangamsanga. Akatha ankabwera kutsogolo kudzatchinga mnzake. Anasinthana choncho mpaka onse analawako.

Ndikawerenga ndimeyi ndimaona kuti m'holo muja munali magulu awiri odya chakudya chopepuka, koma dzina lija Burney analipereka kwa gulu limodzi. Gulu lakumunsi ndilo linachita zimene liwulo linkatanthauza pachiyambi. Linasonkha zimene linali nazo, aphunzitsi chakudya, operekeza misana yawo, ndipo linaonetsetsa kuti pasatsale munthu. Gulu lakumtunda linangodya. Komabe dzina linapita kumtunda, chifukwa dzina lotere amapereka ndi wopenyerera. Munthu sadzitcha collationer ali mkati motafuna. Amamutcha choncho ndi amene waima patali akumeza malovu, amene ali ndi nthawi yoyang'ana kudya kwa mnzake ngati ntchito yofunika dzina. Mwina n'chifukwa chake liwuli silinazike mizu. Openyerera ambiri a nthawi imeneyo sankalemba mabuku, ndipo akudya sankalifuna.

Nanga m'Chichewa tinena chiyani? Mayina a zakudya tili nawo: kadzutsa kapena mfisulo, nkhomaliro, mgonero, mkute wa dzulo, kamba wa paulendo. Tili ndi zokhwasulakhwasula, zotolatola, zoziziritsa kukhosi. Koma mayina a munthu wakudya, ndikawaika pamzere, pafupifupi onse ndi oweruza khalidwe: wosusuka, wadyera, wankhuli, womana. Chinenero chathu sichisamala kwambiri kuti munthu wadya magalamu angati. Chimayang'ana mmene wadyera pamaso pa anzake. Munthu wodya mlendo ali poteropo osanena kuti "fikani tidye" tili nalo dzina lake, ndipo si laulemu. Vuto la womasulira lili pamenepa. Ndikalemba kuti "omana aja" ndamuyankhulira Burney mawu amene sakanayerekeza kulemba za mfumu yake, imene ankaikonda ndithu. Ndikalemba kuti "akudya aja" ndachotsa mbola.

Pali chinanso chimene Chichewa chimaulula. Munthu wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Angónia akhoza kumwa tiyi ndi mbatata m'mawa, kukukuta chimanga chootcha masana, madzulo n'kunena ndi mtima wonse kuti lero sanadye, poti nsima sinapite pamoto. Alendo amaseka akamva zimenezi, koma ndi nzeru yomweyo imene ili m'malamulo a kusala: pali chakudya chenicheni, ndipo pali zina zonse. Chimanga chootcha ndi chokhwasula ngati nsima ikubwera. Ngati sikubwera, chimanga chomwecho ndi mgonero, ndipo mawa munthu amati tinagonera chimanga. Kulemera kwake n'kumodzimodzi. Chasintha ndi chimene chili kutsogolo. Mfumu George inkadya chopepuka chifukwa cholemera chinkaidikira ku Nuneham. Ngakhale Burney, ndi njala yake yonse, ankadziwa ola limene adzadye. Collationer ndi munthu amene mgonero wake ndi wotsimikizika.

Lamulo la collation likadalipo. Pa 17 Febuluwale 1966 Papa Paul VI anachepetsa masiku okakamiza kusala kudya mu Mpingo wa Katolika n'kusiya awiri, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Pa masiku amenewa munthu amadya chakudya chokhuta kamodzi, ndipo saletsedwa kulawa kanthu m'mawa ndi madzulo. Lachitatu la Phulusa limagwa pakati pa 4 Febuluwale ndi 10 Malichi. Ku Ulaya imeneyi ndi nthawi yotsirizira dzinja lozizira. Ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete ndi pakatikati pa miyezi ya njala, nkhokwe zitapepuka, chimanga cham'munda chisanakhwime. M'midzi yambiri, m'chaka chovuta, kudya kamodzi kokhuta ndi kulawa kawiri ndi tsiku labwino kuposa masiku ozungulira. Sindikunena izi monyoza kusala, pakuti wosala mwa kufuna kwake amadziwa chimene akuchita, ndipo mpingo sukakamiza odwala ndi ofooka. Ndikungoona kuti liwu lobadwira m'chipululu, pakati pa anthu a timikate tiwiri, linafika kwathu litanenepa kotero kuti muyeso wake wa kusala umaposa chakudya cha ena cha masiku wamba.

Liwu la collationer linali ndi tanthauzo linanso, la m'nyumba zosindikizira mabuku, ndipo nalonso linafa. Joseph Moxon, m'buku lake la 1683 lofotokoza ntchito yosindikiza, akulongosola ntchito imeneyi. Mapepala a buku akasindikizidwa n'kusonkhanitsidwa, wina ankatenga mulu uliwonse n'kumatukula ngodya za mapepala limodzilimodzi, kuyang'ana zilembo zam'munsi zosonyeza ndondomeko, kuti aone ngati palibe pepala losowa, lobwerezedwa kapena lolowa posayenera. Buku silinkapita kwa womanga asanatsimikize kuti onse alipo. Tanthauzo ili lili pafupi ndi Benedict kuposa la patebulo la mfumu, ndipo ndi ntchito imene womasulira aliyense amaidziwa: kuika tsamba lako pambali pa la mwini wake n'kuwerenga mzere ndi mzere kuti uone chimene wataya.

Nditachita zimenezo ndi tsamba langa, ndinafufuta "akudya aja" n'kulemba kuti "akuluakulu okhwasula aja". Ulemu ulimo, monga Burney anausungira. Kuseka kulimonso, chifukwa kukhwasula si mneni amene timayembekeza kumuona pambali pa mfumu. Chimene sichinawoloke ndi zaka zoposa 1,300 zimene zili m'liwu la Chingerezi lija: Cassian ndi Germanus pakhomo la Serenus, chikho cha ku Aachen, sikelo ya ma aunsi 8. Sindikhulupirira kuti Burney ankaganiza za zonsezi pamene ankalemba. Iye ankangofuna kuseketsa mng'ono wake.

Anakhala pantchito ya mfumukazi zaka zisanu. Kuimirira, kusagona mokwanira ndi kudikira belu zinamudwalitsa, ndipo mu Julayi 1791 analoledwa kuchoka, atapatsidwa penshoni ya mapaundi 100 pachaka. Mu 1793 anakwatiwa ndi Alexandre d'Arblay, msilikali wa ku France wothawa kwawo, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 1840. Za tebulo lakumtunda lija analemba kuti sanathe kuona zimene zinalipo, poti anaima patali. Zimene tikudziwa bwino za tsikulo ndi za tebulo lakumbuyo: tiyi, khofi, chokoleti, makeke ndi buledi wopaka batala, zodyedwa mosinthana kuseri kwa misana ya anzawo.